Woika Migolo wa ku Kiel

Ine sindipikisana nawo.
Yanga ndi ya mbandakucha:
kutuluka pa doko la Schilksee
ndi migolo isanu yoyandama, yofiira ngati malalanje,
uliwonse ndi nangula wake ndi chingwe chake,
kunyowetsa chala, kufunsa mphepo
komwe yagona ndi komwe ikulinga.
Pa katatu imandinamiza kawiri.

Ndine Hinnerk Boysen.
Dzinali musakalifune pa chikho.

Zinayamba ndi ngalawa makumi awiri, mu 1882,
imodzi ya ku Denmark, zinazo zakonkuno,
amuna a ndevu, ndalama zikuwayabwa m'matumba,
ofuna kudziwa chinthu chimodzi:
thanga la yani limameza mphepo msanga.
Makani a anyamata basi.
Koma akuluakulu anawakonda makaniwo.
Anabwera ndi sitima zachitsulo,
mizinga yopukutidwa ngati mbale za ukwati,
nazindandalika m'mbali mwa mpikisano
kuti mlendo aone, awerenge,
akagone khutu limodzi lili panja.

Agogo awo a bambo anga, a Tewes,
ankakoka zingwe pa ngalawa ya mwini fakitale.
Juni wa 1914 anamwa mowa ndi amalinyero a ku Mangalande,
nasinthana nawo fodya ndi mabatani.
Lamulungu masana kunafika uthenga:
kwaphedwa munthu kutali, ku Sarajevo.
Mbendera zinatsikira pakati pa milongoti.
Alendo anazula anangula, akukweza manja motsanzika.
Isanathe milungu isanu ndi umodzi
manja omwewo anali pa mizinga.
Batani lija lilipobe, m'kabati, pamodzi ndi makiyi akale.

Nkhondo yachiwiri inasiya mzinda uno
ngati m'kamwa mwa nkhalamba.
Mayi anga, ali katsikana ka zigamba m'mawondo,
anasoka thanga la masaka a ufa,
zilembo za chigayo zikuonekabe pamimba pake.
Ankati: titi tiitanenso anthu aja,
ndi nkhope yanji?
Anaitanidwa. Ena anakana.
Ena anabwera, maso ali pansi, ngati ife tomwe.

Tsopano mumandifunsa phindu lake.
Sindine wa zolankhula pa nsanja.
Ndingokuuzani za Lachinayi.

Mphepo inatembenukira kumpoto chakum'mawa, yaukali.
Pa mgolo wanga wachitatu
Bogna, mtsikana wa ku Gdynia, anagubuduka,
chingwe chitamukola mwendo pansi pa bwato.
Kumbuyo kwake kunali Thiago wa ku Santos,
chaka chathunthu cha thukuta ndi ngongole ya tikiti,
malo achiwiri ali m'manja mwake.
Anamasula thanga, nalisiya likuwomba m'manja lokha,
nalumphira m'madzi oluma mafupa.
Ndisanayatse injini, mitu inali iwiri pamwamba.
Mabwato makumi atatu anawadutsa.

M'buku la malamulo, loyamba ndi limenelo:
wina akamamira, mpikisano udikire.

Musaganize kuti zinathera m'kukumbatirana.
Madzulo awiriwo anakasumirana kwa oweruza
pa nkhani ina, ya dzulo lake,
yoti ndani anakhudza mgolo wanga wachiwiri.
Anakangana ndi manja, ndi timabwato ta pulasitiki pa tebulo,
aliyense kutukwana m'chinenero cha amake.
Bogna anapambana mlandu.
Ndinawaona pambuyo pake pa khoma la doko
akugawana buledi wa nsomba ndi anyezi,
akukanganabe.

Kwa ine nkumeneko:
mitundu kubwera ndi ukali wake wonse
ndi kuuthira pa nsalu ndi zingwe,
mfuti yokhayo yolira
kukhala yopanda chipolopolo.

Dzuwa la kuno limazengereza kulowa.
Ndimazula migolo yanga umodziumodzi,
nsana ukudandaula, ndere zikudontha pa nsapato.
Ndikacheuka, pomwe panali mizere,
pomwe wina analira, wina anakuwa,
pali madzi okhaokha.
Mawa ndidzalembanso malire ena,
ndipo madzulo ndidzawachotsa.